Fungo la mabuleki pa Khwekhwerere

## Lamulungu lidali tsiku langa lopumira mabatire

Ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka ndimakhala pa galaja ina pano pa boma la Dedza, mutu uli m'kati mwa boneti, ndipo ambiri amene amandipeza amabwera ndi dandaulo limodzi lomwelo: batire latha. Wina nyale adazisiya zoyaka usiku wonse, wina alitaneta idasiya kutchaja kalekale iye osadziwa. Ndikafika kunyumba nkhani ndi yomweyo. Magetsi azima, foni yatsala pang'ono kuzima, mayi akufunsa ngati batire la sola lifika nthawi ya nkhani za pa wailesi.

Ndiye Lamulungu la mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 lidali tsiku lokhalo limene ndimaona makina osaumira. Munthu aponde moto mpaka pansi, injini ilire, basi.

N'chifukwa chake ndidakwiya zedi nditamvetsa malamulo a 2026. Lando Norris atangotenga ukatswiri ku Abu Dhabi pa 7 Disembala 2025, atamuposa Max Verstappen ndi mapointi awiri okha, anzanga amene timaonera nawo mpikisano adayamba kale kukambirana za magalimoto atsopano, koma ine ndidangoti kakasi. Ndidawauza kuti mpikisano wa liwiro ausandutsa mpikisano wosunga batire, ndipo kuti ngati ndikufuna kuona munthu akudandaula za batire sindifunika kulipira DStv. Mawu amenewa ndidawabwereza mwezi wathunthu, ndipo ndinkayankhula zochokera pansi pa mtima.

## Chimene chidandipweteka

Injini yokha sadaisinthe kukula, ikadali V6 ya malita 1.6 yokhala ndi turbo monga yakhalira kuyambira 2014. Chimene achita n'kuidula mphamvu kufika pa 400 kW kapena cha pomwepo, n'kukweza mota ya magetsi kuchoka pa 120 kW kufika pa 350 kW. Ndiye kuti pafupifupi theka la mphamvu ya galimoto likuchokera ku batire. Pamwamba pa apo achotsa MGU-H, kamakina kaja kamene kankakolola magetsi kuchokera ku utsi wotentha wozunguza turbo. Kameneka kankathira batire mwakachetechete ngakhale dalaivala ali pa moto wonse. Tsopano kulibe. Njira yotsala ndi ya ku matayala a kumbuyo: galimoto ikamachepetsa liwiro, mota ija isanduke jenereta.

Aliyense wogwira ntchito ya mawaya aona msanga pamene pali vuto. Wakulitsa mpopi wotulutsira madzi pafupifupi katatu, watseka umodzi wa mipopi yodzazira, koma thanki ndi yomweyo. Dalaivala azikakamizika kuchotsa phazi pa moto asadafike pokhota, nthawi zina ali pamalo owongoka penipeni, kuti batire lipume. Kwa ine ichi chidali chipongwe kwa anthu amene amalipidwa kuti asamaope liwiro.

## Ulendo wa ku Golomoti

Kumayambiriro kwa Febuluwale 2026 amalume anga adandipempha kuti ndiwaperekeze. Iwo akhala akuyendetsa lole kuyambira ine ndisadabadwe, kutenga kachewere ndi kabichi ku Bembeke ndi ku Lizulu kupita nazo kunyanja, pobwerera n'kunyamula usipa. Lole yawo idali ndi vuto la nyale zimene zinkangozima zokha ikagunda bampu, ndipo adafuna kuti ndilimve vutolo tili pa msewu.

Tidanyamuka m'bandakucha, nkhungu ya Dedza itaphimba chilichonse, ine nditavala majuzi awiri. Pa Masasa tidasiya M1 n'kukhotera kumanzere, msewu wa ku Golomoti. Amene mudatsikapo Khwekhwerere mukudziwa mmene msewuwo umapindikira ngati njoka yovulala, uku phiri, uku phompho, kutsogolo chigwa chonse chili ndee mpaka kunyanja.

Tisadayambe n'komwe kutsika, pamalo pamene ine ndimaona kuti msewu ukadali wabwino, amalume adachotsa phazi pa moto. Adabweza giya, n'kubwezanso ina. Injini idayamba kubuula, lole ikuyenda ngati ngolo ya ng'ombe. Kaminibasi kena kadatipitirira kali chete, kakungotsetsereka.

"Wamva?" adandifunsa. "Injini yake sikulira. Waika pa fili ameneyo, akuti akusunga mafuta."

Ndidawayankha kuti ndi mmene mafuta akuvutira masiku ano, munthu wogona pa mzere usiku wonse sungamunene kwambiri. Kenaka ndidawafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere: "Koma malume, inu mwayambira patali bwanji? Kona yoyamba ikadali uko."

Sadandiyankhe. Adangoloza ndi mlomo kutsogolo.

Titakhota makona angapo, fungo lidatipeza tisadaone chilichonse. Ndi fungo limene ukalimva kamodzi suliiwala, ngati labala ndi chitsulo zikupsera pamodzi, lokanda kukhosi. Kenaka tidakaona kaminibasi kaja kataima m'mbali, mphuno yake itatsala pang'ono kugunda khoma la phiri. Anthu adali atatsika, amayi ena atakhala pansi manja ali kumutu. Kondakitala adali atatsekera tayala ndi mwala, ndipo ku matayala a kutsogolo kunkatuluka utsi wobiriwira mopyapyala. Palibe adavulala, Mulungu adachita mbali yake. Mnyamata wina adabwera ndi chigubu cha madzi kuti athire pa chitsulo chotenthacho, amalume n'kumukalipira ali pa windo kuti asayerekeze, chitsulo chingapindike kapena kung'aluka, angochisiya chizizire chokha.

Tidaima pang'ono patsogolo pamene pali malo. Amalume adatsika, adazungulira lole yawo, n'kundiitana.

"Mphwanga, gwira apa."

Ndidaika dzanja pafupi ndi dilamu la kumbuyo, mwamantha. Lidali lofunda chabe, ngati kapu ya tiyi imene yakhalitsa pa tebulo. Lole yodzaza matumba, pa mtsetse womwewo umene udapsereza mabuleki a kagalimoto kopepuka.

"Phiri ili limakubwereka mphamvu," adatero. "Pokwera umalipira ndi dizilo. Potsika limakubwezera yonse nthawi imodzi, ufune usafune. Funso n'lakuti uilandirira pati. Uyo wailandirira pa mabuleki, ndiye yapsa. Ine ndimailandirira mu injini pang'onopang'ono, kuyambira kumtunda kuja umati ndafulumira. Koma ngakhale ine ndimangoitaya. Ikadakhala yoika m'thumba, bwenzi pobwerera ndikukwera phiri lino ndi theka la dizilo."

Adanena zimenezi akupukuta manja ndi kasanza, osadziwa kuti akundiyankha mkangano wa mwezi wathunthu. Amalume sadaonerepo Formula 1 chibadwire. Dzina lokhalo limene amalidziwa ndi la dalaivala Lewis Hamilton, chifukwa cha chithunzi chimene chili pa khoma la chipinda changa.

Kutsika konse kotsalako ndidangoyang'ana mapazi awo ndi dzanja lawo la pa giya. Ndidakwerapo lole imeneyi kambirimbiri, koma ndidali ndisadaonepo kuti munthuyu amagwira ntchito yochuluka bwanji pamene akuoneka ngati sakuchita kanthu. Amadziwa kona imene buleki aigunde kamodzi mwamphamvu n'kuisiya, imene asaikhudze n'komwe, pamene alole lole ithamangeko pang'ono chifukwa kutsogolo kuli kachitunda kodzaibweza yokha. Msewu wonse adaugawa m'mutu asadauyambe. Ndipo pamene tinkafika pa Golomoti, kutentha kwa kuchigwa kutatilandira, ife ndi amene tidali patsogolo. Kaminibasi kothamanga kaja kadali kakadali kumtunda kudikira chitsulo chizizire.

## Masamu a pa katoni

Usiku umenewo tidagona kunyanja, ndipo tulo tidandithawa. Ndidang'amba chidutswa cha katoni n'kuyamba kuwerengera ndi tochi ya foni.

Batire la sola la kunyumba kwa mayi ndi la 12V, 100Ah. Likadzaza bwino limasunga mphamvu yokwana 1.2 kWh, imene ndi mamegajoule 4.3. Malamulo a Formula 1 amalola dalaivala kugwiritsa ntchito mamegajoule 4 pakati pa kudzaza ndi kutsika kwa batire lake. Ndidabwereza kuwerengako kawiri chifukwa sindidakhulupirire. Mphamvu imene Verstappen angakoke m'batire likadzaza ndi yofanana pafupifupi ndi imene ili m'bokosi lakuda lija lili pansi pa tebulo kwa mayi, limene timalipukuta fumbi ndi kulithira madzi.

Kusiyana kwake ndi liwiro la kumwa. Kwathu batire limenelo limayatsa mababu, wailesi ndi kutchaja mafoni usiku wonse. Mota ya 350 kW ikakoka mamegajoule 4 aja ndi mphamvu zonse, amatha m'masekondi 11. Ndipo 350 kW imeneyo, kuti muione bwino, ndi mapanelo a sola 3,500 a 100W ngati ija ili pa denga lathu, onse ali padzuwa la masana. Batire lathu limafuna tsiku lathunthu la dzuwa kuti lidzaze, mwinanso awiri nthawi ya nkhungu. Lawo liyenera kudzazidwa ndi kukhuthulidwa pafupifupi kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa mphindi imodzi ndi theka, chifukwa malamulo a 2026, mmene adalembedwera poyamba, adalola kukolola mamegajoule oposa 8 pa kuzungulira kumodzi.

Kenaka ndidawerengera phiri la amalume. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kufika ku Golomoti watsika pafupifupi mamita 1,000. Lole yolemera matani 7 ikatsika choncho imabwezeredwa mamegajoule pafupifupi 70. Ina imathera mu mphepo ndi m'matayala, koma pa pepala ndi mabatire a mayi 16 odzaza. Ulendo uliwonse, kwa zaka zonsezi, amalume akhala akutaya kuwala kwa masabata awiri m'mbali mwa Khwekhwerere ngati kutentha.

Pamenepo m'pamene mkwiyo wanga udasungunuka. Ndinkaganiza kuti kuchotsa phazi pa moto ndi mantha kapena umphawi, chifukwa pa galaja ndimaona anthu akusunga batire kaamba kosowa. Koma tsiku limenelo ndidali nditaona ndi maso anga munthu akuchotsa phazi msanga n'kufika woyamba, ndipo lidali luso la zaka makumi atatu.

## Magalimotowo ndidawayang'ananso

Nditabwerera ndidatsegulanso zithunzi za magalimoto atsopano zimene ndinkangozidutsa mokwiya, za ku Barcelona kumapeto kwa Januwale ndi za ku Bahrain mu Febuluwale. Ndi diso latsopano, chilichonse chidayamba kulumikizana.

Galimoto yachepa. M'lifupi yachoka pa mamilimita 2,000 kufika pa 1,900, ndipo mtunda wa pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo wachoka pa 3,600 kufika pa 3,400. Kulemera kochepetsetsa kololedwa ndi makilogalamu 768, kutsika ndi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Matayala akadali a mainchesi 18 koma awapyapyalitsa, a kutsogolo ndi mamilimita 25, a kumbuyo ndi 30. Kwa zaka zambiri magalimotowa ankangonenepa chaka ndi chaka mpaka ku Monaco ankaoneka ngati mabasi awiri akufuna kudutsana pa mlatho wa mitengo. Ife amene tidakula tikupinda magalimoto a mawaya, n'kumathamangitsana nawo m'misewu ya fumbi, tidadziwa tili ana kuti yaing'ono ndi yopepuka ndiyo imakhota bwino. Apa ndiye achita bwino, ngakhale ndikadakonda akadachotsa makilogalamu ochulukirapo.

Mapiko ndiwo adandigwira mtima. DRS, njira yotsegula phiko la kumbuyo kuti wothamangitsa mnzake amupitirire, imene takhala nayo kuyambira 2011, yapita. M'malo mwake mapiko onse, a kutsogolo ndi a kumbuyo, akusuntha. Pokhota amaimirira kuti mphepo ikanikizire galimoto pansi, pamalo owongoka amagona kuti mphepo idutse mosavuta, ndipo izi achita aliyense, kaya ali kutsogolo kaya akuthamangitsa mnzake. Poyamba ndinkaona ngati n'zokongoletsa. Tsopano ndikuona chifukwa chake. Ngati batire limatha m'masekondi 11, sungalole kuti mphepo izikudyera mphamvu pamalo owongoka. Wa kabaza wa njinga yakapalasa amawerama akamatsika mtsetse pa chifukwa chomwecho.

Nanga kupitirirana? Amene ali pasanathe sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzake azipatsidwa mwayi wokoka magetsi ochulukirapo. Koma magetsiwo ayenera kukhala kuti alipo. DRS idali yaulere, ukafika pa mzere umangodina batani. Iyi ndi ya ngongole. Ukawononga batire pomupitirira mnzako apa, iye akhoza kukubwezera pamalo owongoka otsatira iwe uli m'manja lende. Ine DRS sindidaikondepo kwenikweni, kupitirira kwake kunkakhala kodziwikiratu ngati lole yopanda katundu ikudutsa yodzaza pa chitunda.

Za mafuta ndingonena mwachidule. Kuyambira 2026 onse ayenera kuthira mafuta osachokera pansi pa nthaka, opangidwa kuchokera ku zinyalala, zotsalira za zomera zosadyedwa, kapena mpweya wa carbon wokoledwa. Ife kuno petulo wathu takhala tikumusakaniza ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe kuyambira 1982, choncho ganizoli si lachilendo kwa Mmalawi.

## Pamene mtima ukadakayika

Sindidatembenuke pa zonse ayi. Amalume amachotsa phazi chifukwa iwo aganiza choncho, atawerenga msewu ndi maso awo. Chimene ndikuopa n'chakuti mu Formula 1 woganiza adzakhala kompyuta ndi mainjiniya okhala kuseri kwa khoma, dalaivala n'kumangomvera. Zikadzatero ndiye kuti luso limene ndidaliona pa Khwekhwerere silidzaoneka, tidzangoona magalimoto akufooka okha pakati pa msewu wowongoka. Mabwalo ngati Monza ku Italy, kumene malo owongoka ndi aatali koma malo oponda mabuleki ndi ochepa, ndiko kudzaonekere zoona zake. Ndiponso galimoto imodzi ikamakolola pamene ya kumbuyo ili pa mphamvu zonse, kusiyana kwa liwiro kukhoza kukhala koopsa. Ndidaona mmene kaminibasi kaja kadatidutsira.

Kuchotsa MGU-H kulinso ndi mtengo wake. Kamakina kaja kankazunguzanso turbo kuti isagone, ndiye popanda iko dalaivala ayenera kuikweza yekha injini nthawi yaitali asadanyamuke, apo ayi anzake amusiya pa mzere. Ndikudikira kudzaona ku Mexico City, kumene bwalo lili pa mamita oposa 2,200, kutalika kofanana pafupifupi ndi nsonga ya phiri la Dedza. Tonse tikudziwa mmene galimoto yochokera ku Salima imafookera ikafika kuno kumtunda, mpweya ukapyapyala.

Koma ndikumvetsanso chifukwa chake adakachotsa. Kadali kodula, kovuta kupanga, ndipo sikapezeka kawirikawiri m'magalimoto amene anthu amagula. Atangokachotsa, makampani adayamba kugogoda. Audi yatenga timu ya Sauber ndipo ikupanga injini yakeyake. Ford yagwirizana ndi Red Bull. Honda, imene idali italengeza kuti ikuchoka, yabwerera ndi Aston Martin, kumene kulinso Adrian Newey, katswiri wojambula magalimoto a mpikisano. Cadillac yalowa ngati timu ya nambala 11 ndi Sergio Pérez ndi Valtteri Bottas, pakadali pano ikugwiritsa ntchito injini za Ferrari. Alpine yasiya injini za Renault n'kutenga za Mercedes, chinthu chimene chidandimvetsa chisoni ndikakumbukira zaka za Fernando Alonso, 2005 ndi 2006, pamene adatenga ukatswiri ndi timu yomweyi ikadali kutchedwa Renault.

Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo chaka cha malamulo atsopano ndicho chokhacho chimene onse amabwerera pa mzere umodzi. Mu 2009 timu ya Brawn, imene idatsala pang'ono kutsekedwa miyezi yochepa m'mbuyo mwake, idawerenga malamulo bwino kuposa onse ndipo Jenson Button adatenga ukatswiri. Mu 2014 Mercedes idamvetsa injini za magetsi msanga n'kutenga chikho cha matimu zaka 8 zotsatizana. Mtima wanga uli kwa Hamilton, amene chaka chake choyamba ku Ferrari, 2025, chidali chowawa kuonera. Magalimoto a kuyambira 2022 sadagwirizane naye. Adakwanitsa zaka 41 mu Januwale 2026, ndipo ngati malamulo awa adzapatsedi mphoto munthu wodziwa kugawa msewu m'mutu, mwina ukalamba umene anthu akumunena nawo udzamuthandiza.

## Pa 8 Malichi

Vuto la nyale za lole tidalipeza pobwerera, tikukwera Khwekhwerere pa giya yoyamba, usipa ukununkhira kumbuyo. Idali waya ya earth imene idadyeka ndi dzimbiri pamene imagwira chasisi. Ndidaipala ndi sandipepa, n'kuimanga ndi boti yatsopano, nyale sizidazimenso.

Tili pa ntchito imeneyo m'mbali mwa msewu ndidawafotokozera amalume kuti thumba lija ankalifuna lilipo, ndipo kuti chaka chino kuli anthu 22 amene azipikisana pa luso lodzaza ndi kukhuthula thumbalo pa liwiro loposa makilomita 300 pa ola. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye munthu ungadziwe bwanji kuti pano akudzaza?"

Ndidawauza kuti kumbuyo kwa galimoto kuli nyale yofiira imene imaphethira ikamakolola magetsi.

"Imeneyo ndikufuna ndidzaione," adatero. "Ndidzaone ngati anyamatawo amayambira pabwino."

Mpikisano woyamba uli ku Melbourne Lamulungu pa 8 Malichi 2026, ndipo kuno idzakhala 6 koloko m'mawa, nthawi imene malo athu oonera amakhala asadatsegule. Ndagwirizana ndi mnzanga kuti adzabweretse dikoda yake kwa mayi Loweruka madzulo. Amalume ati adzagona konko, lole adzaiimika pabwalo. Batire lija ndalichotsa pansi pa tebulo, ndapukuta mitu yake, ndathira madzi, ndipo ndawapempha mayi kuti Loweruka limenelo tidzagone msanga osayatsa wailesi, kuti magetsi akadzazima m'mawa lidzakhale lodzaza.